Mbiri ya Nyimbo za ku Kawale Adzailemba Ndani?

Mzinda wa Lilongwe umapanga nyimbo zambiri kuposa zimene umakumbukira. Kuchokera mu 1975 pamene likulu la dziko lidasamuka ku Zomba, mzindawu wakula mpaka kalembera wa 2018 adapezamo anthu 989,318, ndipo ochuluka mwa iwo sagona ku Area 10 kapena ku Area 43 ayi, amagona ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25, Mgona ndi madera ena otere. Kumeneko n'kumene kuli timasitudiyo ta chipinda chimodzi, tokhala ndi kompyuta, maikolofoni ndi matiresi okhomera kukhoma kuti phokoso la kunja lisalowe. Kumeneko n'kumene makwaya amakonzekera nyimbo za Lamulungu, anyamata a dancehall ndi hip hop amayesana mphamvu, ndipo oimba a banjo amayala chipewa pansi pafupi ndi msika. Nyimbo ikatuluka imayenda pa WhatsApp, imaikidwa m'mamemori khadi pa timaokala ta m'mbali mwa msewu, imalira m'maminibasi ndi pa zinkhoswe, kenaka pakatha miyezi ingapo ina imailanda malo. Funsani lero kuti nyimbo imene idavuta ku Kawale zaka 15 zapitazo idajambulidwa kuti, gitala adaimba ndani, mawu adapeka ndani. Aliyense ayankha zake, ndipo palibe buku loti mungatsegule kuti mkangano uthe.

Ine ndikuti mbiri imeneyi sidzalembedwa ndi munthu wina aliyense ngati oimba eni ake sayamba kuilemba. Boma lili ndi gawo lake, masukulu a ukachenjede ali ndi lawo, atolankhaninso chimodzimodzi, koma onsewa amafika mochedwa ndipo amaima kunja kwa mpanda. Amene ali mkati ndi woimba, chifukwa ndiye amadziwa mmene gitala adaikungira, yemwe adamuphunzitsa kaimbidwe kakutikakuti, ndi chimene mawu a nyimbo ankabisa. Kuti woimba akhoza kusenza ntchito ziwirizi, yoimba ndi yosunga mbiri, si maloto. Malawi adakhala naye kale munthu wotero, ndipo adachokera m'moyo wofanana ndi wa anyamata a ku Mgona ndi ku Chinsapo lero: kuimba m'mbali mwa msewu, ndi zipangizo zokhoma okha, pofuna ndalama ya chakudya cha tsiku limenelo. Munthuyo ndi malemu a Donald Kachamba a m'mudzi mwa Singano ku Chileka, mng'ono wawo wa a Daniel Kachamba amene ambiri amawatchula kuti Dokotala.

Mnyamata wa chitoliro

Banja la a Kachamba lidayenda njira imene mabanja ambiri a Nyasaland adayenda. Bambo awo, a James Kachamba, ankaimba gitala, ndipo pakati pa 1957 ndi 1961 banjali lidakhala ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Zimenezi zidali zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pamene amuna ankapita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni, n'kumabwerako ndi njinga, magalamafoni ndi zimbale. Nyimbo imene idali pakamwa pa aliyense nthawi imeneyo idali kwela, ya anyamata a m'misewu ya Johannesburg oimba ndi zitoliro zachitsulo zotsika mtengo. Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso adali maina odziwika kuyambira ku Cape Town mpaka ku Limbe, ndipo mu 1958 nyimbo ya Tom Hark, ya gulu la Elias and His Zig Zag Jive Flutes, idafika pa nambala 2 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. A Daniel, amene adabadwa mu 1947, adamva nyimbozi ali mnyamata ku Salisbury, ndipo banja litabwerera kumudzi adayamba kuziimba ndi mng'ono wawo Donald pamodzi ndi anzawo a ku Chileka.

Bandi yawo idali yosalira zambiri, koma yoganiziridwa bwino. Gitala ankaichotsa chingwe chimodzi n'kutsala ndi zisanu, kuti zala zipeze danga loyenda mofulumira. Besi idali babatoni: bokosi lamatabwa, ndodo ndi chingwe chimodzi, ndipo woimba ankapendeketsa ndodoyo kuti chingwe chikungike kapena chilekerere, mawu n'kumakwera kapena kutsika. Wina ankagwira chisekese kuti liwiro lisasokonekere. Pamwamba pa zonsezi pankayenda chitoliro cha Donald, ndipo kagwiridwe kake sikadali ka m'buku. M'malo moika nsonga pamilomo monga amachitira ana a sukulu, iye ankalowetsa mutu wa chitoliro mkati mwa kamwa mopendeketsa, kulozetsa kutsaya, moti mkamwa monse mumathandiza kukuza ndi kunenepetsa mawu. Ndi kagwiridwe kameneka ankatha kupinda liwu, kulitsitsa pang'ono n'kulibweza, zimene chitoliro chogwidwa mowongoka sichichita. Zinthu zazing'ono ngati zimenezi ndizo zimasiyanitsa kwela ndi nyimbo ina iliyonse, ndipo ndizo zimayamba kutayika woimba akamwalira popanda wozilemba.

Mu 1967 Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wochokera ku Vienna m'dziko la Austria, adakumana ndi anyamatawa akuimba mumzinda wa Blantyre. Donald adali asanakwanitse zaka 15. Kubik adawajambula mawu ndi kanema, ndipo mu 1974 buku lake lotchedwa The Kachamba Brothers' Band lidasindikizidwa ndi University of Zambia. Kuyambira mu 1972 abale awiriwa adayamba kuitanidwa kunja. A Daniel adatchuka kwambiri pano pamudzi, akuimba gitala ngati anthu atatu, ndipo nyimbo zawo zidakhazikika pa wailesi ya MBC mpaka imfa yawo mu 1987. A Donald adatenga njira ina. Adakhazikitsa bandi yawo ya kwela, mmene Kubik mwini wake adalowamo ngati woimba wamba wolandira malangizo, ndipo pambuyo pake mudalowanso a Moya Aliya Malamusi a m'mudzi womwewo wa Singano. Bandiyi idaimba m'maiko oposa 30. Apa mpamene padatembenukira zinthu: mnyamata amene adayamba ngati wojambulidwa adaphunzira kugwira yekha makina ojambulira, kufunsa mafunso ndi kulemba zimene wamva.

Woimba asanduka wofufuza

Umboni wa ntchito imeneyi ulipo. Buku la Malawian Music: A Framework for Analysis, limene lidasindikizidwa ku Zomba mu 1987, lili ndi dzina la Kubik pamodzi ndi maina a Amalawi atatu amene adagwira naye ntchito: Moya Aliya Malamusi, Lidiya Malamusi ndi Donald Kachamba. Mu 1989 a Malamusi adakhazikitsa Oral Literature Research Programme ku Chileka, malo osungirako matepi, zithunzi ndi zipangizo zoimbira, ndipo iwo adapitiriza maphunziro mpaka kulandira digiri ya udokotala ku University of Vienna. Mu 1994 kampani ya ku France ya Le Chant du Monde idatulutsa chimbale cha a Donald chotchedwa Concert Kwela. Mu 1999 University of California ku Los Angeles idawaitana kuti akaphunzitse, ndipo ophunzira a kumeneko adakhala pansi n'kumaphunzira babatoni ndi chitoliro kwa munthu amene adakulira m'misewu ya Blantyre. Adamwalira pa 12 January 2001 asanafike zaka 50, koma adali ataphunzitsa ana a m'mudzi mwawo, kuphatikizapo Sinosi Mlendo, moti gulu la Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazz Band lidapitiriza kuimba iwo atapita.

Zotsatira zake n'zoonekeratu tikayerekeza. Za abale a Kachamba tikudziwa mmene ankakungira gitala, maina a mitundu ya nyimbo zawo monga sinjonjo, simanjemanje, twist ndi lumba, kumene mtundu uliwonse udachokera, ndiponso mmene zala zawo zinkayendera, chifukwa kanema alipo. Oimba ena akale sadapeze mwayi wotere. A Paseli Brothers, a Ndiche Mwarare, a Morson Phuka, a Robert Fumulani, a Michael Yekha ndi a Allan Namoko a Chimvu River Jazz Band ndi mizati ya nyimbo za dziko lino, koma mwana wa sukulu wofuna kulemba za moyo wa mmodzi wa iwo amapeza nyimbo zochepa ndi nkhani zapakamwa zosemphana. Pamene pali chinachake chogwirika, mupeza kuti padali munthu mmodzi wodzipereka, monga Dr John Lwanda amene adatulutsa nyimbo za a Namoko pansi pa dzina la Pamtondo ndi kulemba za nyimbo ndi ndale, kapena a Waliko Makhala, woimba ndi wofufuza amene adagwira ntchito ku MBC nthawi imene matepi akale a wailesiyi ankasamutsidwira pa kompyuta ndi thandizo la dziko la Norway. Luso lokha silisunga dzina la munthu. Limasungidwa ndi amene adakhala pansi n'kulemba.

Kodi siidali ntchito ya mzungu?

Pali amene amati nkhani ya a Donald Kachamba ndi nkhani ya Kubik: ndalama zidali zake, makina adali ake, dzina lalikulu pachikuto ndi lake, ndipo matepi ambiri ali ku Vienna kumene mwana wa ku Biwi sadzafikako. Dandaulo limeneli lili ndi mutu, ndipo si lachilendo. Hugh Tracey adayenda m'dziko muno mu 1950, 1957 ndi 1958 akujambula nyimbo za makolo athu, ndipo zimene adajambulazo zili ku International Library of African Music ku Rhodes University m'dziko la South Africa. Mmalawi wofuna kumva agogo ake akuimba nthawi zambiri amayenera kugogoda pakhomo la eni. Koma tikaliona bwino, dandauloli likulimbitsa mfundo yathu m'malo moigwetsa. Tracey adajambula n'kupita, ndipo m'midzi imene adadutsa simudatsale wodziwa kupitiriza. Ku Singano kudatsala anthu odziwa ntchito, kudatsala nyumba yosungira zinthu, kudatsala ana oimba. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Singano oimba eni ake adaphunzira kufufuza. Ngati tikuwawidwa mtima kuti mbiri yathu ili m'manja mwa alendo, mankhwala ake si kunyoza mlendo amene adasunga, koma kuchulukitsa a Kachamba ndi a Malamusi m'dera lililonse.

Ena amabwera ndi mfundo ina. Amati kwela idali nyimbo ya ku Joni, ndipo zimene anyamata a ku Area 25 akuimba lero, kaya ndi amapiano, dancehall kapena afrobeats, n'zongokopera kunja, zosayenera kutayirapo pepala. Iwo amati tisunge Gule Wamkulu ndi Vimbuza, zimene bungwe la UNESCO lidazizindikira mu 2005, ndi Tchopa amene adatsatira mu 2014, popeza zimenezo ndiye zathu. Magule amenewa ngoyenera ulemu wonse, koma mbiri ya kwela ikutichenjeza kuti tisamafulumire kuweruza. Ku South Africa kwela idazilala m'zaka za m'ma 1960 pamene mbaqanga idatenga malo, koma ku Chileka idakhalabe ndi moyo, idalandira mawu a Chichewa ndi kayendedwe ka magule a kuno, mpaka anthu a kunja ofuna kuimva ikuimbidwa ankabwera ku Malawi. Banjo nayo idabwera ndi asilikali ndi anthu obwerera ku ntchito za kunja, koma lero palibe amene amati nyimbo za a Namoko n'zachilendo. Chobwera chimasanduka chathu pang'onopang'ono, ndipo amene akufuna kudzafotokoza mmene chidasandukira ayenera kuyamba kulemba chikadali chachilendo.

Umboni wa zimenezi uli mu Lilongwe momwemuno. A Yobu Maligwa ndi a Yosefe Kalekeni a Madalitso Band adakhala zaka zambiri akuyenda wapansi kuchokera ku Mtandire kukaimba m'misewu ya mzindawu, wina ndi babatoni wa khosi lalitali wokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, wina ndi gitala ya zingwe zinayi ndi ng'oma yoponda ndi chidendene. Anthu ambiri ankawadutsa osacheuka. Mu 2017 adakaimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, mu 2019 kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva idatulutsa chimbale chawo cha Wasalala, ndipo kuchokera apo akhala akuimba m'maiko a ku Ulaya. Babatoni wawo ndi wosiyana kapangidwe ndi wa bokosi wa a Kachamba, koma ndi wa fuko limodzi. Pakati pa Chileka wa 1967 ndi Mtandire wa 2017 pali zaka 50 za anthu amene ankakhoma, kusintha ndi kuphunzitsana chida chimenechi m'misika ndi m'madepoti. Ambiri mwa anthuwo maina awo sadalembedwe paliponse, chifukwa nthawi imeneyo ankaoneka ngati opemphetsa wamba, osayenera buku.

Tisaiwalenso kuti nyimbo zotchuka ndizo zasunga zambiri zimene Amalawi wamba adaona ndi kumva. Napolo amene adasakaza Zomba mu 1946 akukumbukiridwa mpaka lero makamaka chifukwa cha nyimbo ya a Paseli. M'nthawi ya chipani chimodzi, pamene lamulo la 1968 loona za zofalitsa ndi zisangalalo linkasefa chilichonse chopita pa wailesi, oimba adaphunzira kulankhula m'zining'a, kudzudzula mfumu ponamizira kudzudzula mlamu. Chimbale cha Son of a Poor Man cha a Lucius Banda chidafika pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri mu 1994, ndipo chidanena poyera zimene anthu ankanong'onezana. Imfa ya Evison Matafale ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu November 2001 ndi gawo la mbiri ya ufulu wolankhula m'dziko muno. Wofuna kudzadziwa mmene anthu a ku Chinsapo adapirira kukwera mitengo kwa zinthu, mizere ya mafuta ndi mliri wa Covid-19 adzazipeza m'nyimbo za anyamata amene lero tikuwatcha okopera. Koma chining'a chimafuna womasulira, ndipo womasulira wodalirika ndi amene adachipeka kapena amene adali naye m'situdiyo tsiku limenelo.

Intaneti si nkhokwe

Achinyamata ambiri angaseke nkhawa yonseyi n'kunena kuti masiku ano chilichonse chili pa YouTube, pa Facebook ndi pa TikTok, ndiye palibe chotayika. Pali zinthu ziwiri zofunika kuziganizira. Choyamba, masamba amenewa ndi a makampani ochita malonda, ndipo alibe pangano ndi Malawi losunga nyimbo zathu mpaka kalekale. Mu 2019 kampani ya MySpace idavomera kuti idataya nyimbo pafupifupi 50 miliyoni zimene anthu adaika pa tsamba lake pakati pa 2003 ndi 2015, ndipo panalibe khoti limene woimba wa ku Africa akadakadandaulako. Chachiwiri, ngakhale nyimbo ikhalepo, mbiri yake siyenda nayo. Nyimbo ya Linny Hoo ya a Giddes Chalamanda, amene adabadwa mu 1930, idaonedwa maulendo oposa 80 miliyoni pa TikTok itaimbidwanso ndi Patience Namadingo mu 2020, koma ochuluka mwa amene ankaivina sankadziwa dzina la mwini wake, dziko lake, ngakhale chilankhulo chimene ankaimba. Nyimbo yodutsa m'mafoni 20 imafika kwa womaliza itasinthidwa dzina, yopanda chaka, yopanda woipeka. Intaneti imafalitsa mawu, koma ntchito yolemba kuti uyu ndi ndani, adaimba liti, kuti, ndiponso chifukwa chiyani, imatsalabe kwa munthu.

Chotsutsa cholemera kuposa zonse ndi njala. Woimba wa ku Mgona amene sadziwa kumene kuchokere ndalama ya lendi sangauzidwe kuti akhale pansi azilemba mbiri, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Izi n'zoona, ndipo palibe amene ayenera kulalikira za m'tsogolo kwa munthu wa m'mimba mopanda kanthu asanamumvetse. Komabe tione kukula kwa ntchito imene ikupemphedwa. M'masiku a a Donald, kujambula kunkafuna makina olemera, matepi odula ndi mabatire osowa. Lero foni imene ili m'thumba la mnyamata wa kabaza imajambula mawu ndi kanema. Chimene situdiyo ya ku Kawale ikufunika ndi kope limodzi lachikuto cholimba lokhala pambali pa kompyuta, mmene nyimbo iliyonse isadatuluke alembemo tsiku, mutu wake, woipeka, woiimba, amene adapanga biti, amene adagwira gitala kapena kiyibodi, amene adathandizira mawu, ndi mizere iwiri yonena chimene chidachititsa kuti nyimboyo ipekedwe. Kuwonjezera apo, nyimbo zisungidwe malo awiri osiyana, kuti kompyuta ikafa kapena akuba akathyola chitseko zonse zisapite limodzi. Ntchito imeneyi siitenga nthawi yoposa imene amatha akudikira kuti magetsi ayake.

Ndipo kope limenelo ndi ndalama. Bungwe la COSOMA, limene lidayamba ntchito mu 1992 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe konkuno, limagawa ndalama kwa eni nyimbo potsatira zimene zidalembetsedwa. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza nyimbo moyo wonse wa woipeka ndi zaka zina 50 iye atamwalira, kutanthauza kuti ana ndi adzukulu ali ndi gawo. Koma mwana wamasiye sangalandire kanthu pa nyimbo imene palibe umboni woti bambo ake ndiwo adaipeka. Mikangano yambiri imene timaimva pakati pa oimba, wina akuti wandibera nyimbo, wina akuti biti ndi yanga, ikadatha ndi tsamba limodzi lokhala ndi tsiku ndi siginecha. Woimba amene amatulutsa nyimbo osasunga mbiri yake ali ngati mlimi amene wakazinga ndi mbewu yomwe: lero wakhuta, koma dzinja likubwera. Choncho kusunga mbiri si ntchito ya anthu okhuta okha ayi. Wosauka ndiye akuifuna kwambiri, chifukwa alibe loya womuyankhulira, ndipo umboni wake wonse ndi zimene adalemba.

Pomaliza pali amene amakayikira ngati woimba anganene zoona za iye mwini. Amati aliyense adzadzitcha woyambitsa, adzafufuta maina a amene adakangana nawo, ndipo tidzangokolola mabuku odzitamandira. Chiopsezo chimenechi chilipo, koma chilipo kwa wolemba mbiri aliyense, ngakhale pulofesa. Chimene chimachigonjetsa ndi kuchuluka kwa mboni ndi kulemba zinthu zikadali zaziwisi. Kope lolembedwa tsiku lojambula silinama ngati nkhani yokambidwa patapita zaka 30, ndipo masitudiyo khumi akamalemba aliyense zake, bodza la mmodzi limaonekera. Chitsanzo cha ku Chileka chikuyankhanso mbali ina ya nkhawayi. Ntchito ya a Donald ndi a Malamusi siidali yolemba za iwo eni. Idali yoyenda m'midzi kukajambula anzawo oimba bangwe, zeze, mkangala ndi ulimba, anthu amene sadaponde m'situdiyo ya MBC. Chimbale cha a Malamusi cha From Lake Malawi to the Zambezi, cha 1999, n'chodzaza ndi mawu a anthu ena. Woimba akafika pakhomo pa woimba mnzake amalandiridwa mosiyana ndi mlendo wa kope m'manja, chifukwa akhoza kutenga chida n'kufunsa ndi zala zimene pakamwa sipangafunse.

Poyambira palipo

Lilongwe sakuyambira pa chabe. Ku Area 23 kuli Music Crossroads, imene sukulu yake yophunzitsa nyimbo idatsegulidwa mu 2013, ndipo bungweli lidagwirapo kale ntchito yotolera nyimbo za makolo m'maboma mogwirizana ndi Malawi National Commission for UNESCO ndi Rei Foundation. Luso limene lidagwiritsidwa ntchito m'midzi likhoza kutembenuzidwira ku makomboni a mzindawu. Wophunzira aliyense asadalandire satifiketi akhoza kupatsidwa ntchito yopeza woimba mmodzi wachikulire wa m'dera lake, kaya ndi mtsogoleri wa kwaya ya mpingo ku Kawale, woimba banjo wa ku Chinsapo kapena wokonza magitala wa ku Biwi, n'kumujambula akufotokoza moyo wake ndi kuonetsa kaimbidwe kake. National Library Service ili ndi likulu lake mumzinda muno ndipo ikhoza kusunga zojambulidwazo poti aliyense azimve, pamene National Archives ku Zomba ikusunga zina. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lokhazikitsa bungwe loona zaluso ndi chikhalidwe, ndipo bungwe limenelo lidzayesedwa ndi zinthu ngati zimenezi, osati ndi kuchuluka kwa misonkhano ya m'mahotela. Mawailesi a m'madera nawo ali ndi maola ambiri amene angapatsidwe kwa akuluakulu oimba kuti afotokoze zakale, bola zokambiranazo zisungidwe.

Oimba amene ali ndi maina ali ndi udindo woposa. A Lawrence Mbenjere, a Skeffa Chimoto ndi a Lulu akhala pa nsanja za Lilongwe zaka zambiri, adaona nthawi ya makaseti, ya ma CD ndi ya mafoni, ndipo akudziwa anthu amene adawaphunzitsa, mabandi amene adatha, ndi malo oimbira amene adatsekedwa. Aliyense wa iwo atakhala pansi masana angapo ndi wachinyamata wogwira foni, dziko likhoza kupeza zimene palibe buku lililonse lili nazo. Nthawi yochitira zimenezi si yathu kuti tiziisunga. A Wambali Mkandawire adatisiya pa 31 January 2021, a Lucius Banda pa 30 June 2024, ndipo ngakhale nyimbo zawo zilipo, mafunso ambiri amene akadayankha ndi pakamwa pawo adapita nawo. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera kwa amene adawasunga. A Donald Kachamba adalibe digiri, adalibe ofesi, ndipo sadadikire kuti boma liwatume. Adangozindikira kuti amene amadziwa kuimba ali ndi ngongole kwa amene adamuphunzitsa ndi kwa amene adzabwere pambuyo pake. Ngongole yomweyo ili pa woimba aliyense wa ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona, ndipo kuyamba kuibweza kukungofuna kope, cholembera, foni ndi ulendo wopita kwa mkulu amene akadali moyo.